Munthu Amene Anadula Munda wa Namaluwa

A Elifala Kachigamba ndinawadziwa m'chaka cha 1976, nditangotumizidwa kumene kukaphunzitsa pa sukulu ya mishoni ya Kanyangala, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Ine ndine Eveline, ndipo masiku amenewo ndinkaphunzitsa Sitandade 4 pansi pa mtengo chifukwa zipinda zinali zochepa. Iwo anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda zoyankhulayankhula, wotsokomola pafupipafupi. Chifuwacho anachitenga ku migodi ya ku Joni, kumene anapitako maulendo asanu ndi awiri. Kwawo kunali ku Chisepo, koma anakwatira a Lidia a m'mudzi woyandikana ndi mishoni, ndipo ankakhala chikamwini. Mudziwo sanaudziwe bwino. Ankati akabwera kuchokera ku Joni, kukhala miyezi itatu, kufolera nyumba, n'kubwereranso. Maulendo a ku migodi ataletsedwa, anabwera kwathunthu mu 1975 ali ndi sutikesi, njinga, ndi sowo yaikulu imene m'dera lonselo munalibe wina anali nayo.

Kumusi kwa tchalitchi, potsikira ku mtsinje, kunali malo a maekala ngati anayi amene anthu ankawatcha Munda wa Namaluwa. Namaluwa linali dzina limene anthu anapatsa dona wa m'busa woyamba wachizungu, amene anayamba kubzala pamenepo mu 1911. Azungu omaliza anachoka ufulu utayandikira, ndipo mundawo unasanduka tchire. Ine mlendo ndinkangoona mitengo yoyangidwa ndi ziyangoyango, chitedze, udzu wotalika kuposa munthu, ndi apusi odumpha m'nthambi. Ana a sukulu tinkawaletsa kupitako chifukwa cha njoka.

M'mwezi wa Julaye kunabwera kalata yonena kuti mkulu wina wa chipani adzafika mu Novembala kudzaona chitukuko, ndipo adzapeze zipinda ziwiri zatsopano zitaima. Makolo anaumba njerwa, koma nkhuni zootchera panalibe, ndipo nkhalango ya m'phiri inali yoletsedwa. Akulu a mpingo ndi a komiti ya sukulu anakhala pansi tsiku limodzi lokha. Kenako a Reinford, mlembi wa mpingo, anaitana a Elifala n'kuwalozera kumusiko.

"Tchire lonse lija lichoke. Nkhuni zipite ku uvuni, ndipo alendo asadzaone kuti tikuweta njoka pakhomo pa tchalitchi."

A Elifala anagwira ntchitoyo masiku khumi ndi limodzi. Ankayamba dzuwa lisanatenthe, ndipo kulira kwa sowo kunkafika mpaka pamene ndinkaphunzitsira. Anandiuza pambuyo pake kuti panali zinthu zimene zinawadabwitsa, koma sanaziganizire kawiri. Mitengo inali m'mizere. Wina utagwa unanunkhira ngati mankhwala opaka pachifuwa. Pa mitengo yambiri panali tizitsulo tating'ono tokhomedwa ndi msomali, tolembedwa manambala ndi mawu achilendo. Iwo ankatizula n'kutiponya m'chitini, poganiza kuti tidzawathandiza kumata zidebe zobooka. Atamaliza anatentha udzu wonse. Uvuni unayaka, njerwa zinapsa bwino, ndipo utsi wake unanunkhira mudzi wonse. Anthu anawatama kuti ndi mwamuna wa mphamvu.

Mgonero wa mu Okutobala unasonkhanitsa Akhristu a m'midzi yakutali. Pakati pawo panali a Nowa a ku Msakambewa, nkhalamba yosaona, yotsogozedwa ndi mwana wawo wamkazi, a Faines. Ine sindinkawadziwa. Ndinamva tsiku lomwelo kuti anayamba ntchito m'munda uja ali mnyamata mu 1919, ndipo anausamalira mpaka maso awo atafa mu 1968. Chaka chilichonse, mgonero ukatha, ankatsikira kumundako kukagwiragwira mitengo yawo.

Mapemphero atatha, dzuwa lili pamutu, ndinamva a Faines akuwanyengerera.

"Bambo, tiyeni tizipita. Kwatentha, ndipo ulendo ndi wautali."

"Nditsitsire kumunda kaye."

A Faines anayang'ana anthu amene anaima pakhomo pa tchalitchi, koma aliyense anayang'ana kumbali. Anawagwira dzanja n'kuyamba kutsika. Ine ndinawatsatira, enanso anatsatira chapatali. Atadutsa pamene panali chipata chakale, a Nowa anaima.

"Bwanji dzuwa likundiotcha pano? Pano pamakhala mthunzi wa mkungudza."

Anayenda mapazi angapo chakumanja, n'kutambasula dzanja pamene thunthu linayenera kukhala. Dzanja linangogwira mphepo. Anagogoda pansi ndi ndodo, ndodoyo n'kugunda chitsa. Anagwada, nasisita pamwamba pa chitsacho ndi zikhatho zonse ziwiri kwa nthawi yaitali. Kenako anadzuka osagwiranso dzanja la mwana wawo, nayenda okha mpaka pa chitsa china.

"Nambala 4. Peyala. Linachokera ku Zomba lili m'chitini."

Anapita pa china. "Nambala 9. Lalanje la mchombo, la ku Kepi." Pa chinanso. "Nambala 17. Mtengo wa kwinini. M'chigawo chino unalimo umodzi wokha." Sanaphonye chitsa ngakhale chimodzi. Ankaponda m'phulusa, mathalauza awo a Sabata atada mpaka m'mawondo, akutchula mapichesi, manachesi, khofi, mphesa, masuku achizungu, ndi mitengo ina ya m'phiri imene anakazula okha ili yaing'ono. Anthu tinali chilili. Ndinacheuka n'kuona a Elifala ataima kumbuyo kwanga, buku la nyimbo lili m'manja, pakamwa pali pululu.

Atafika pakati pa munda, a Nowa anafunsa, "Wadula ndani?"

Kenako mawu anamveka kumbuyo kwanga.

"Ndine, bambo."

"Inu ndinu yani?"

"Ndine Elifala, mkamwini wa m'mudzi muno."

"Nkhwangwa sidula mosalala chonchi."

"Ndinadula ndi sowo."

"Munatha masiku angati?"

"Khumi ndi limodzi."

A Nowa anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wauzidwa mtunda wa ulendo. Kenako anatembenuzira nkhope kumene kunali khamu.

"A Reinford muli pompano? Inu simunadyeko mapeyala awa muli mwana?"

"Linali lamulo la chitukuko, bambo," anatero a Reinford motsitsa mawu. Anthu anayamba kuyang'anizana, ndipo ena anabwerera kumtunda mwakachetechete, pakuti masiku amenewo mawu oti chitukuko akatchulidwa, munthu sunkafuna kupezeka pamalo pamene wina angawatsutse. A Nowa anapempha dzanja la mwana wawo n'kumapita.

Madzulo a tsiku lomwelo a Elifala anakapeza a Reinford n'kuwafunsa ngati ankadziwa chimene chinali m'tchire lija.

"Aliyense wobadwira kuno akudziwa," anayankha a Reinford. "Nanga mukuganiza kuti tinalekeranji kutuma mwana wa m'mudzi muno?"

Kunyumba anafunsa akazi awo. A Lidia anawerama. "Ndinkayesa akuuzani. Ndipo ine ndikanatsegula pakamwa, zikanamveka kuti mkazi wa Kachigamba akukana sukulu." A Elifala anakhala pakhonde masiku atatu osapita kumunda kwawo.

Mlendo uja anabwera mu Novembala. Amayi anavina, ana anaimba, ndipo mwini mwambo anaitana a Elifala kuti aimirire anthu awaone, munthu amene yekha anadula nkhuni zootchera njerwa zonsezo. Anthu anaomba m'manja. Iwo anaima manja ali lende, nkhope itauma. Mlendoyo sanakwanitse ngakhale ola limodzi. Anasuzumira m'chipinda chimodzi, nakwera galimoto, ndipo kumusi kwa tchalitchi sanayang'aneko n'komwe.

Loweruka lotsatira a Elifala anamangirira chitini cha tizitsulo pa njinga n'kupita ku Msakambewa. A Nowa anawasiya ataima pabwalo nthawi yaitali. Kenako anamva kulira kwa chitinicho n'kufunsa kuti muli chiyani. Atauzidwa, anatambasula dzanja. Manambala anali okhomedwa ndi chitsulo, ndipo iwo ankawawerenga ndi chala. Anatiyala pamphasa m'mizere monga mmene mitengo inaimira.

"Mukufuna chiyani kwa ine?"

"Mundiuze chimene ndinadula, ndi chimene ndingachite."

"Simungabwezeretse."

"Mundiuzebe."

A Elifala ankawerenga movutikira, choncho anandipempha kuti ndiwathandize kulemba. Masabata angapo ndinkakwera pa kaliyala ya njinga yawo Loweruka, ndili ndi kope ndi pensulo. A Nowa ankatchula nambala, dzina, kumene mtengo unachokera, ndi mmene umafunira madzi. Tinalemba mitundu 64.

Mvula itagwa, zitsa zambiri zinaphuka. A Elifala anayamba ntchito imene palibe anawatuma. Ankalima chimanga chawo m'mamawa, masana n'kutsikira ku Munda wa Namaluwa. Anamanga mpanda wa minga kuti mbuzi zisalowe. Anafukula ngalande yoyalidwa ndi miyala imene inkatenga madzi ku kasupe wa m'phiri, yomwe achinyamata sankadziwa kuti iliko. M'mbali mwa tinjira takale munatuluka maluwa ofiira ndi oyera kuchokera ku tinthu tonga anyezi timene moto sunatifike, ndipo amayi opita kumtsinje ankaima n'kumayang'ana. Koma mtima wawo unali pa zitsa khumi ndi zinayi za malalanje ndi manachesi. Zonse zinatulutsa mphukira zobiriwira, zonenepa. Anazithirira chilimwe chonse ndi zidebe pamapewa, akutsokomola.

Pa mgonero wa Okutobala 1977 a Elifala anakatenga okha a Nowa pa njinga. Ndinalipo ndi kope langa. Anawatsogolera pa nambala 9, pamene mphukira zinali zitafika m'chifuwa, n'kuika dzanja la nkhalambayo pa masamba. A Nowa anabweza dzanja msanga, minga itawabaya. Anathyola tsamba, nalifikisa, nalinunkhiza.

"Awa ndi mandimu."

"Ayi, bambo, ndi nambala 9. Lalanje la mchombo."

"Lalanje linali pamwamba. Munalidula. Tinkabzala mandimu olimba, kenako n'kumezanitsa lalanje pa thunthu lake. Chimene chaphuka ndi cha pansi."

Anayenda nawo pa zitsa zonse khumi ndi zinayi, ndipo pa chilichonse yankho linali lomwelo. Mapichesi nawo anali obwerera ku mtundu wamba wa tizipatso towawa. A Elifala anafunsa ngati angapeze njere za lalanje lija kwinakwake.

"Lilibe njere," anatero a Nowa.

A Elifala anakhala pansi, padothi lonyowa la m'mbali mwa ngalande, miyendo atatambasula. Anayang'ana zikhatho zawo zong'aluka ndi zingwe za zidebe. Ine ndinasowa poyang'ana. Kenako a Nowa anafufuza chitsa ndi ndodo n'kukhalapo.

"Pali chinthu chimene ndakhala nacho chichokereni tsiku munabwera ndi chitini chija. Munati ndinu Kachigamba wa ku Chisepo. Bambo anu anali Abrahamu?"

"Eya. Munkawadziwa?"

"Anakuuzani kuti anapitiranji ku Halale?"

"Kukafuna ntchito, ngati anzawo onse. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Sanabwerenso."

"Ntchito anali nayo. Ankathirira mbande mu nazale ya munda uno."

A Nowa anafotokoza mosafulumira, nkhope ili chogwa. Namaluwa sankalola kuti mbande ngakhale imodzi ituluke popanda mawu ake. Ankapatsa azungu anzake a m'mamishoni ena ndi a ku boma, koma anthu akuda ankati sangathe kusamala. Antchito ankaba. Ankabisa timitengo m'matumba, m'mitolo ya udzu, ena m'malaya. A Nowa ndi amene anali kapitawo, ndipo ankawerenga mbande m'mawa uliwonse. M'chaka cha 1944 anapeza kuti mbande ziwiri za nambala 9 palibe. Anadziwa wotenga, ndipo anakanena. A Abrahamu anaitanidwa pa bwalo la akulu a mpingo, anaikidwa pa chilango, dzina lawo linawerengedwa m'tchalitchi Lamulungu, ndipo ntchito inatha. Patangopita sabata ziwiri anawoloka malire.

"Ndinkaganiza kuti ndikuchita chilungamo," anatero a Nowa. "Sanali yekha. Ndinanenera anthu asanu ndi awiri pa zaka zonsezo."

A Elifala sanasunthe. Kenako anayankhula.

"Kuseri kwa nyumba ya amayi anga kuli mtengo wa malalanje. Alibe njere."

"Kumusi kwake kuli kotupa ngati mchombo wa mwana?"

"Eya."

"Ndiye nambala 9."

A Elifala anawabweza a Nowa ku Msakambewa tsiku lomwelo. M'mawa mwake anapalasa njinga mpaka ku Chisepo. Zimene zinachitika kumeneko anandifotokozera okha patapita zaka.

Anapeza mayi awo, a Hana, akusankhula mtedza pakhonde. Atalonjerana, anawafunsa mosazungulira kuti mtengo wa kuseri uja unachokera kuti. A Hana anasiya mtedza.

"Wakuuzani ndani, bambo a Rebeka?" anafunsa, akuwatchula ndi dzina la mwana wawo woyamba.

"A Nowa."

"Akadali moyo amenewo?"

Kenako ananena zonse. Mbande zinali ziwiri, ina inafa ndi chiswe. A Abrahamu anazibzala m'mawa wa tsiku limene ananyamuka, n'kunena kuti ana azidzadya chimene ana a azungu amadya. Anatumiza kalata ziwiri, kenako zii.

"Bwanji simunandiuze zaka zonsezi?"

"Kuti mukule ndi dzina la mwana wa mbala? Ndinaona kuti bola muzidya malalanje osadziwa."

A Elifala atafotokoza chimene anabwerera, mayi awo anawayang'ana ngati munthu wozungulira mutu.

"Mtengo umenewu unandilanda mwamuna. Inu mukufuna muubwezere komweko?"

Anagona ku Chisepo masiku awiri osaitchulanso nkhaniyo. Mtengowo unali wokalamba, mbali imodzi youma, koma nthambi za kum'mawa zinali zamoyo. Tsiku lachitatu akumangirira katundu pa njinga, a Hana anatuluka kuseri atanyamula timphukira khumi ndi tiwiri tokulungidwa m'sanza yonyowa. Anali atadula okha ndi mpeni wawo wa ndiwo.

"Mukawauze a Nowa kuti Hana akadalipo, ndipo mtengo wa Abrahamu sunafe."

Uthengawo anaupereka mmene unalili. A Nowa anaumva, napempha kuti awatengere kumunda. Anakhala pa mishoni sabata yathunthu akuphunzitsa a Elifala kumezanitsa. Pakuti sankaona, ankagwira manja a wophunzirayo ndi manja awo, kuwasonyeza kuzama kwa mpeni pa khungwa, mmene diso la mphukira limalowera, ndi kumanga kwake. Anamangira timizere ta mpira wa chubu chakale cha njinga. Mandimu aja amene anawakhumudwitsa ndi amene anakhala poyambira. Mwa timphukira khumi ndi tiwiri tija, tisanu ndi tiwiri tinagwira.

Kenako a Nowa anandiuza kuti nditsegule tsamba latsopano m'kope. Anatchula mayina a anthu onse amene anawanenera, ndi a ena ambiri amene ankawakayikira koma analibe umboni. Anatchula midzi yawo, ndi mtengo umene aliyense anatenga. Ena anali aphunzitsi, ena akulu a mpingo omwe anakhalapo pa milandu ya anzawo. Dzina lina linali la bambo a a Reinford. Ndikulemba, ndinaona kuti ena mwa mayinawo zidzukulu zawo zinali m'kalasi mwanga.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, chilimwe chilichonse, a Elifala anayenda ndi mndandanda umenewo. Sunali ulendo wapafupi. Munthu wachilendo wofika pamudzi ndi kope, akufunsa dzina la malemu ndi kusuzumira kuseri kwa nyumba, masiku amenewo ankamuyesa kapilikoni, kazitape wa boma. Ambiri ankakana kuti dzinalo sakulidziwa, mtengowo uli poonekera kumbuyo kwawo. Kwina m'mapiri a ku Ntchisi, mayi wina wokalamba atangomva mawu oti Kanyangala anathawira m'nyumba n'kudzitsekera, akulira kuti mwamuna wawo anafa kale, mlandu usagwere ana. Zinali zitapita zaka makumi atatu ndi zisanu. A Elifala anakhala pabwalo mpaka dzuwa kupendeka akufotokoza kudzera pa chitseko kuti iwonso ndi mwana wa munthu amene anatenga mbande. Pamenepo ndi pamene chitseko chinatseguka, ndipo anachokako ndi khofi wa nambala 22.

Tsiku lina pa msika wina anyamata oona makhadi a chipani anawaimitsa. Khadi anali nalo, koma m'thumba anawapeza ndi mpeni wakuthwa, kope la mayina a anthu, ndi tizitsulo tolembedwa chinenero chosadziwika. Anawakhazika padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana, kudikira tcheyamani wa nthambi, bambo wina dzina lake Agustino. Atafika, anatsegula kope n'kuyamba kuwerenga mokweza kuti anthu amve. Atafika pakati pa tsamba anasiya. Anawauza anyamata aja kuti abwerere pa chipata cha msika, iwo n'kutenga a Elifala kupita nawo kuseri kwa sitolo.

"Dzina ili mwalitenga kuti? Awa ndi amalume anga."

A Elifala anafotokoza. A Agustino anang'amba kachidutswa ka tsamba kamene panali dzinalo n'kukaika m'thumba. Kenako anawalondolera njira ya kwa mlongo wawo, kumene kunali mtengo wa manachesi umene banja lonse linkati unamera wokha.

A Nowa anamwalira mu Juni 1979, lalanje la mchombo lisanabereke. A Elifala anapita ku maliro ndipo anakhala mpaka tsiku lometa. Ndinawafunsapo nthawi ina ngati anawakhululukira. Anayamba atsokomola kaye.

"Sitinakambepo zimenezo. Ine ndikawayang'ana ndinkaona munthu amene anandichotsera bambo. Iwo akamva mawu anga ankamva sowo. Ndiye tinkangogwira ntchito."

Pofika 1984, mitundu 31 mwa 64 ija inali itabwerera m'mizere yake. Mapichesi abwino anapezeka ku Msakambewa komweko, mphesa pa nyumba ya mlaliki wina wopuma, peyala kwa a Reinford, amene anabwera nalo okha m'chitini tsiku lina n'kulisiya pa chipata osanena kanthu. Mitengo ya m'phiri a Elifala anakazula okha ndi chilolezo cha mlonda wa nkhalango. Koma wa kwinini ndi uja wonunkhira ngati mankhwala sanaipeze kulikonse. Palibe anaganizapo zoba mtengo wosabala chodya. Malo ake anawasiya opanda kanthu, ankangowalambula.

Mundawo utayamba kubala, akulu ena a mpingo anati paikidwe chipata cha loko, ndipo mbande zisamatuluke popanda kalata ya mlembi. A Elifala anaitanidwa kuti amve. Anamvetsera mpaka onse atatha, kenako anati tsiku limene lokoyo adzaikidwe, iwo adzatula mpeni wawo pa tebulo la a mlembi. Nkhaniyo inathera pomwepo. Loweruka lililonse ankakhala mu nazale, ndipo aliyense wobwera ankachoka ndi kamtengo, koma ayambe wamezanitsa yekha kamodzi iwo akuona. Amene anagwira dzanja kwambiri anali mwana wawo woyamba, Rebeka, yemwe anabwerera pakhomo banja lake litatha.

Chifuwa chija chinakula m'nyengo yozizira ya 1990. Anawatengera ku chipatala cha ku Dowa, ndipo ine ndinakawaona Lachiwiri masana. Anali ataonda, akupuma movutikira, a Lidia atakhala pansi m'mbali mwa bedi. Ndinayamba kuwauza za moni wa anthu a kumudzi, koma anakweza dzanja kuti ndisiye.

"Aphunzitsi, mukamuuze Rebeka kuti mapichesi asawathirire mwezi uno. Masamba akayoyoka asaope, sanafe, akupuma. Ndipo pa ngalande, pamene imakhotera ku nazale, mwala wina wagwera m'kati. Auchotse mvula isanabwere."

Ndinalemba zonsezo kuseri kwa tikiti ya basi. Anamwalira Lachinayi, ndipo tinawaika m'mudzi wa akazi awo. Sabata yotsatira ndinatsikira kumunda kukapereka uthengawo. Ndinamupeza Rebeka ali m'ngalande, nsalu atakwinyira m'mawondo, akulimbana ndi mwala uja. Anali atauona kale. Ndinavula nsapato n'kulowa m'madzimo, ndipo tinautulutsa awiri.